Zithunzi za M'kompyuta ya a Goliati

A Goliati Nampinga ndi munthu wamfupi, woonda, woyenda mwachangu ngati wasiya mphika pamoto. Amene anawapatsa dzinalo mwina ankayembekezera chimphona. Pa Migowi dzina la makolo awo anthu salidziwa n'komwe. Ukafunsa kwa a Nampinga amangoyang'anana, koma ukati kwa a Goliati ojambula, ngakhale wakabaza wobwera dzulo amakulozera kachipinda ka kuseri kwa shopu ya nsalu ya a Abdulmajid, kamene chitseko chake chinapakidwa utoto wobiriwira.

Anabadwira kwa Chiwalo, m'banja la alimi a chimanga ndi nandolo. Agogo awo anachita kuyenda wapansi kuchokera ku Mozambiki, ndipo pakhomo pawo Chilomwe ndicho chinali cha nthabwala ndi mikangano, pamene Chichewa chinali cha kusukulu ndi kuchipatala. Mpaka lero a Goliati akapsa mtima lilime limabwerera kwawo. Sukulu analekezera ku pulayimale. Khasu ankaligwira monga mwana aliyense wa m'mudzimo, koma bambo awo ankati mizere ya mwanayu imakhota chifukwa maso ake amakhala kumsewu.

Kamera inawapeza mwangozi. Pa nthawi imene anthu othawa nkhondo ankabwerera kwawo ku Mozambiki, bambo wina amene ankakhala moyandikana nawo anafuna kupepukitsa katundu. Anali ndi kamera yakale ya filimu, yomangidwa ndi mphira kuti isatseguke yokha. A Goliati, amene panthawiyo anali asanakwatire, anamupatsa thumba la nandolo ndi tambala. Bambo awo atamva anangoti, "Chabwino, uzidya chimenecho," n'kutenga khasu kupita kudimba.

Filimu yoyamba a Goliati anakaitsukitsa ku Limbe. Atatsegula envulopu m'basi pobwerera, anapeza kuti ambiri mwa anthu amene anawajambula analibe mitu. Anaganiza zoponya zithunzizo pawindo, koma eni ake anali kudikira kumudzi. Mayi wina analandira chake, anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti chitenje chatuluka bwino ndithu. Mawu amenewo ndi amene anawalimbitsa mtima kuti agule filimu yachiwiri.

Kuyambira pamenepo njinga yawo inadziwa njira zonse za m'chigwa cha Phalombe. Anajambula maukwati a kutchalitchi ndi manikah a Chisilamu, zinkhoswe, makanda atangotuluka m'chikuta, makwaya, matimu a mpira, ovina tchopa, ana ovala zatsopano pa Idi ndi pa Khirisimasi. Anaphunzira kuti munthu akaima patsogolo pa kamera amauma ngati walandira uthenga wa maliro, ndiye ntchito yaikulu sinali kudina batani koma kumuseketsa. Anakwatira a Belita, mayi wa kudambo wodziwa mpunga kuposa chilichonse, ndipo anabereka mwana mmodzi, Princess, amene tsopano akuphunzira unamwino ku Zomba.

Filimu itayamba kusowa, anagula kamera ya memori kadi, kenaka kompyuta yakale imene ofesi ina ku Limbe inkagulitsa. Anabwera nayo ataifungatira pamiyendo m'minibasi, osalola kuti kondakitala aiike kubuti pamodzi ndi matumba a anthu. Zimene anaphunzira pa makinawo zinali zochepa: kuyatsa, kukopera zithunzi, kuwalitsa nkhope ikada, ndi kupulinta. Kufufuta ankakuopa. Ali ongoyamba kumene anafufutapo molakwika zithunzi za chinkhoswe chonse, ndipo mawu amene analandira kwa ankhoswe sanawaiwale. Kuchokera pamenepo chilichonse cholowa m'kompyutamo chinkakhala momwemo. Chaka chilichonse chinali ndi foda yake, ndipo mkati mwake munali mafoda a mayina ngati "ukwati", "ukwati 2", "ukwati wina", "ana". Mayina a anthu sankalemba. Ankadalira maso awo.

Mafoni atachuluka anthu anayamba kujambulana okha, ndipo a Goliati anawonjezera zina kuti pakhomo pasazizire: zithunzi zazing'ono za paziphaso, fotokope, kuika nyimbo ndi makanema m'mamemori kadi ndi m'mafulashi a achinyamata. Fulashi iliyonse ya pa Migowi inalowapo m'kompyuta imeneyi, ndipo iliyonse inkasiya kanthu kake.

Matenda anayamba pang'onopang'ono, moti a Goliati sangathe kuloza mwezi wake. Poyamba kunali kuchedwa kuyaka. Ankatha kudina batani, kupita kukagula zitumbuwa, kucheza ndi a Abdulmajid pakhonde, pobwera n'kupeza ikuganizabe. Kenaka kamuvi ka pasikirini kanayamba kuuma pamalo amodzi, mausi ukamaigwedeza osamva. Kasitomala akabweretsa fulashi, nyimbo zake zinkasowa, m'malo mwake n'kubwera timafoda tabodza tosatseguka. Masiku ena sikirini yonse inkasanduka yabuluu, yodzaza zolemba zoyera, kompyuta n'kuzima yokha n'kuyakanso yokha. A Goliati ananamizira kuthimathima kwa magetsi, kenaka kutentha kwa mwezi wa Okutobala, kenaka fumbi. Anaifunditsa chitenje. Ikauma ankaimenya pambali ndi chikhatho, mofatsa, monga umachitira ndi mwana wotsamwidwa, ndipo nthawi zina inkamva.

Zinthu zili choncho, namondwe wa Freddy anafika m'mwezi wa Malichi 2023. Mvula inagwa osapuma, mapiri anang'ambika, madzi anatsika ndi miyala komanso mitengo kulowa m'midzi ya m'munsi mwake. Akuluakulu amene anaona napolo wa 1991 anati uyu wabwera ndi abale ake. Mpunga wa a Belita unapita. M'situdiyo madzi analowa mpaka m'akakolo, koma kompyuta inali patebulo. Misewu inaduka, magetsi anasowa nthawi yaitali, ndipo a Goliati, amene chiyambire ntchito anali asanasiyepo kamera kunyumba, ulendo uno sanajambule kanthu. Anatenga khasu n'kukathandiza kukumba.

Magetsi atabwerera kunafika mayi wina wachikulire wochokera kumsasa wa anthu osowa pokhala. Moni wake unali waufupi. Anati mwamuna wake anajambulitsapo pamenepo chithunzi cha pachiphaso cha kalabu ya alimi, chaka chimene mbozi zinavuta m'chimanga. Nyumba inapita, sutikesi ya zithunzi inapita, ndipo thupi la mwamunayo silinapezeke. A Goliati anamukhazika pampando, anatsegula foda ya chaka chimenecho, n'kuyamba kudutsa nkhope imodzi imodzi. Atafika pa bambo wina wa shati yamizere, mayiyo anagwira sikirini ndi chala.

"Ndi amenewa. Tsiku limeneli ndinawauza kuti apese tsitsi, anakana."

Mbiri inafala. Anthu ankabwera awiri awiri, ena kuchokera kutali ndithu, atangonyamula chaka m'mutu, kapena dzina la tchalitchi, kapena mtundu wa diresi. Ankakhala pabenchi mwakachetechete kudikira nthawi yawo, ndipo wina akapeza wake, onse ankayandikira kudzaona ngati kuti ndi m'bale wawo. A Goliati anazindikira kuti bokosi limene ankalimenya ndi chikhatho lija ndilo linatsala ndi nkhope za anthu amene kwina kulikonse kunalibenso chizindikiro chawo. Ndipo ndi nthawi yomweyo imene kompyutayo inafika poipa. Inkatha kuuma munthu atatsala pang'ono kuona nkhope ya mwana wake, n'kumusiya akuyang'ana sikirini yabuluu. Foda ya 2019 ndiyo inkavuta kwambiri. Ukangoigwira, zonse zinkaima.

Amene anaitanidwa ndi Fathiya, mwana wamkazi wa a Abdulmajid. Anaphunzira za makompyuta ku Blantyre, ndipo ntchito ya muofesi itasowa anabwerera kwawo n'kuika tebulo pakhonde la bambo ake, pomwe ankakonza mafoni. A Goliati anamujambulapo ali kamwana, atavala diresi ya Idi yomuposa msinkhu, ndiye zinkawavuta pang'ono kumuona akumasula makina awo mopanda mantha.

Anayamba ndi fumbi, limene anati ndi lokwanira kudzalamo tomato. Kenaka anaikamo pulogalamu yosaka mavayirasi, ndipo inapeza ochuluka moti Fathiya anaseka yekha. Anachotsa mapulogalamu amene anyamata a nyimbo anaikamo eni ake osadziwa. Kompyuta inapepuka, ndipo kwa masabata angapo a Goliati ankauza aliyense kuti mwana wa a Abdulmajid ndi dokotala. Kenaka kuuma kuja kunabwerera. Fathiya anasintha kachipangizo kena ka mkati, anasintha chingwe, anasakanso mavayirasi. Chilichonse chinkathandiza pang'ono n'kuleka.

Tsiku lina masana anapukuta manja n'kukhala pabenchi ya makasitomala.

"Ankolo, ine nzeru zandithera. Chatsala n'kufomata."

Liwulo a Goliati ankalidziwa, chifukwa mamemori kadi a anthu ankawafomata okha. Koma anafuna alimve kuchokera pakamwa pa wina.

"Ukafomata chimatsala n'chiyani?"

"Palibe. Mkatimu muli kabokosi kosunga zonse, timati hadi. Imeneyo imasesedwa yonse, n'kuikamo sisitimu yatsopano, makina n'kuyamba ngati mwagula lero. Mavayirasi ena amabisala mozama, sungawathe ndi kusaka."

"Nanga zithunzi?"

"Tizikopere kaye kwina. Ndili ndi hadi yapadera kunyumba, ndikubwerekani."

Kukoperako kunatenga nthawi, chifukwa magetsi ankathima ntchito ili pakati. Zaka zinasamuka chimodzi chimodzi. Koma atafika pa 2019, kamzere kobiriwira kosonyeza kuti ntchito ikuyenda kanafika penapake n'kuima. Anayesanso mawa lake, kanaima pomwepo. Anayesa kulowa m'fodamo kuti azitenga pang'onopang'ono, kompyuta inazima.

"Zambiri tapulumutsa," anatero Fathiya. "Chaka chimodzi chokha ndicho chakana. Mukapitiriza chonchi tsiku lina idzakaniratu kuyaka, inu n'kukhala manja lende. Tiyeni tifomate."

"Taima kaye, mwanawe. Ndikagone nayo nkhaniyi."

Anagona nayo masabata. Inali nyengo imene ana asukulu amafuna zithunzi za mayeso, ndipo ambiri, atatopa kudikira makina ouma, ankapita ku situdiyo yatsopano imene inatsegulidwa pafupi ndi siteji ya maminibasi. A Abdulmajid ankaona zonsezi ali pakhonde lawo, ndipo m'mawa wina akumwa tiyi anaikapo mawu.

"Achimwene, nsalu ikadyedwa ndi njenjete kumapeto, ine ndimadula pamenepo, yotsalayo n'kugulitsa. Sinditseka shopu chifukwa cha kachidutswa."

"Nsalu mumakaoda ina ku Limbe," anayankha a Goliati. "Nanga ine 2019 ndikaoda kuti?"

A Abdulmajid anagwedeza mutu n'kuthira tiyi wina.

Kunyumba nakonso nkhaniyo inawapeza. Loweruka lina a Belita anali kusenda chinangwa choti ayanike makaka, a Goliati atakhala pambali ndi mpeni umene sunkagwira ntchito kwenikweni.

"Bambo a Princess, makina aja munagulira ntchito kapena manda?"

A Goliati anatola chinangwa n'kuyamba kuchipala, a Belita n'kupitiriza.

"Sindikunena mwankhanza. Nanenso ndinataya abale. Koma mwana uja wakuuzani chochita, ndipo ndi amene anaphunzira. Anthu a chaka chimenecho munawapatsa zithunzi zawo m'manja, ntchito yanu munaimaliza. Amene anawalanda ndi madzi, osati inu."

"Ndikudziwa."

"Ndiponso si onse amene chithunzi chimawachiritsa. Pali mayi wina amene munamupezera chithunzi cha mwana wake, ndamva kuti atabwerera kumsasa anangogona, chakudya osachiyang'ana."

Zimenezo a Goliati anali ataziganizira kale. Panali bambo wina amene atangoona nkhope ya mkazi wake pasikirini anaimirira n'kuti, "Zimitsani," n'kutuluka osabwereranso. Kodi anawapatsa udindo wosunga nkhope za anthu ndani? Palibe amene anawapempha. Anazisunga chifukwa choopa batani basi. Zithunzi za nthawi ya filimu zinatha kale ndi chinyezi ndi makoswe, ndipo palibe tsiku limene anasowa nazo tulo. Komabe akaganiza za 2019 mtima sunkakhala pansi. Chaka chimenecho anapalasa njinga kupita ku maukwati ambiri a m'midzi ya m'munsi mwa phiri, midzi yomwe ina lero ndi miyala yokhayokha. Nkhope zina ankazikumbukira, koma za m'mutu sungazipulinte.

Pomaliza anagonja. Anauza Fathiya kuti abwere ndi sisitimu yake sabata yotsatira.

Tsikulo lisanafike kunabwera Tobias. A Goliati ankamuona kawirikawiri, chifukwa ankanyamula matumba a ogula mbewu pamsika, ndipo ankadutsa pakhomo pa situdiyo akuyang'ana kumbali. Ulendo uno analowa, atagwira dzanja la kamtsikana kosayamba sukulu.

"Simungandikumbuke, bambo. Munajambula ukwati wanga."

"Liti, achimwene?"

"2019, titangokolola. Mkazi wanga anali Zelifa."

Liwu loti "anali" linakwanira. Tobias anafotokoza mwachidule, maso ali pansi. Pamene madzi ankatsika, iye anali kuchipatala ndi mwana amene ankadwala malungo, Zelifa atabwerera kunyumba kukatenga zofunda. Foni, zithunzi, zonse zinapita pamodzi ndi nyumba. Anati iye mwini chithunzi sankachifuna kwenikweni, n'chifukwa chake ankangodutsa. Koma mwanayo, Miracle, anayamba kuloza amayi a pamsika n'kumafunsa ngati amayi ake anali ngati awa kapena ngati awo.

"Ndimamuuza kuti anali wamtali, wokhala ndi mpata pakati pa mano. Ndiye akangoona wamtali aliyense amandikoka malaya."

A Goliati anali atabweza kale anthu angapo a 2019, koma uyu sanafune kungomubweza. Sanalonjeze kanthu. Anauza Tobias zoona zake, kuti chaka chimenecho chatsekeka m'makina ndipo sakudziwa ngati chidzatseguka. Tobias anathokoza n'kutuluka ndi mwana wake. A Goliati anapita molunjika pakhonde la a Abdulmajid.

"Fathiya, sitifomata."

Fathiya anaika pansi foni imene ankakonza. "Ankolo, si tinagwirizana kale?"

"Tinagwirizana, koma ndabweza mawu. Ikafuna kufa ife yokha. Ine dzanja langa lisakhalepo."

"Makina ndi anu," anatero Fathiya. Kwa masiku angapo moni wawo unali wapakamwa chabe.

Pa Migowi sipakhala bata kawirikawiri. Koma Lachisanu masana, amuna a m'mashopu oyandikana atapita kumzikiti, wogulitsa mawayilesi wa patsidya anazimitsa masipika ake n'kutseka. Fathiya, amene anatsala kuyang'anira shopu ya bambo ake, analowa m'situdiyo kudzatenga chingwe chimene anaiwala. Anapeza a Goliati akuyesanso kutsegula 2019, kamuvi katauma monga mwa masiku onse. Anaima pakhomo, anapendeketsa mutu, kenaka anagwada n'kutsamiritsa khutu pabokosi la kompyuta.

"Kaphokoso aka mwakhala mukukamva?"

Kanali kaphokoso kakang'ono, kete, kete, kete, ngati nankafumbwe m'thumba la chimanga. A Goliati anati anayamba kukamva kalekale, ankangoti ndi mmene makina amalirira akamaganiza.

Fathiya anaikamo pulogalamu ina yoyeza hadi. Pasikirini panabwera timabokosi tambirimbiri tobiriwira, ndipo pakati pake panayamba kuoneka tofiira, towunjikana malo amodzi. Anatiyang'ana mpaka mzere womaliza.

"Mavayirasi analipo, koma si amene akuumitsa makinawa. Hadi yeniyeniyo ndiyo yatha. Ili ndi mabala, ndipo 2019 yakhala pabala penipeni. Tikanafomata tikanataya zithunzi, matenda n'kutsala pomwepo." Anatembenukira kwa a Goliati. "Ndinafunika kumvetsera tsiku loyamba lomwe lija."

A Goliati sananyade. Sikuti anakana chifukwa chodziwa kanthu, ndipo zimenezo ankazizindikira okha. Anangofunsa chochita.

Chochita chinali kugula hadi ina n'kuikamo sisitimu yatsopano, yakaleyo kuichotsa osaiyatsanso mwachisawawa, chifukwa kuiyatsa kulikonse kunkakulitsa mabala. A Belita atamva anati, "Bwenzi mutanena kale kuti pali chogula, m'malo mongokhala ndwii ngati nkhuku yonyowa," ndipo mbuzi imodzi inapita kumsika.

Kompyuta inachira tsiku limene hadi yatsopano inalowa. A Goliati anadabwa kuona ikuyaka asanamalize kupachika jekete. Hadi yakale inapita patebulo la Fathiya. Ankailumikiza ku laputopu yake ndi chingwe n'kumatapa zithunzi zochepa zochepa, ikatentha n'kuiika pasimenti kuti ipume. Ntchitoyi ankaichita pakati pa mafoni a anthu, ndipo inakoka mpaka mvula inayamba. Zithunzi zina zinatuluka zathunthu. Zambiri zinatuluka zolumala, mbali ina chithunzi mbali ina phulusa lokhalokha, kapena mizere ya mitundumitundu yodutsa pankhope. Zina sizinatuluke n'komwe. Madzulo aliwonse asanatseke, a Goliati ankapita pakhondepo kukaona zimene zapezeka, ndipo awiriwo ankazidutsa limodzi, iwo akutchula midzi, Fathiya akusanja.

Ukwati wa Tobias unapezeka m'foda ya "ukwati wina". Mwa zithunzi zonse za tsikulo zooneka zinali zochepa: amayi akuvina pa perekaniperekani, keke, ndi chimodzi cha akwati ataima pakhomo la tchalitchi. Zelifa anaoneka yense, kuyambira chophimba kumutu mpaka nsapato, akuseka mano onse panja. Mbali imene panaima Tobias inali phulusa. Chake chimene chinatsala ndi dzanja lokha, litagwira chigongono cha mkwatibwi.

A Goliati anakamupeza kumsika, n'kumuuza kuti akamaliza matumba adutse. Atabwera anamufunsa, asanatsegule, ngati akufuna kuona yekha kaye. Tobias anati mwana aone naye limodzi. A Goliati anatsegula, Tobias n'kuchiyang'anitsitsa chithunzicho.

"Mbali yoonongekayi ndikhoza kuidula," anatero a Goliati, "atsale mayi okha, chioneke bwino."

"Ayi, chisiyeni choncho. Dzanjalo ndi langa. Adziwe kuti ndinalipo."

Miracle anakwera pamiyendo ya bambo ake n'kuyandikiza nkhope pasikirini. Sanalire, ndipo sanafunse ngati amayiwo adzabwera. Anafunsa kuti akuseka chiyani.

Tobias anaganiza pang'ono, kenaka kwa nthawi yoyamba m'chipindamo anamwetulira. "Akuseka ine. Nsapato zimene ndinabwereka zinali zazing'ono, ndiye ndinkayenda ngati bakha."

A Goliati anapulinta ziwiri, chachikulu ndi chaching'ono, n'kuzikutira m'pulasitiki chifukwa kunja kunali kuwaza.

Hadi yakale inasiya kuzungulira patangopita nthawi pang'ono, mafoda ena a 2019 asanatsegulidwe. Anthu amabwerabe apo ndi apo. Ena amapeza awo, ena a Goliati amawauza kuti palibe, ndipo mawu amenewo sanawazolowere mpaka lero. Fathiya akuti maiko ena kuli anthu amene amatsegula hadi zakufa m'zipinda zopanda fumbi, koma imeneyo ndi nkhani yakutali. A Goliati anaikulunga m'kansalu n'kuiika m'dirowa, yosafomatidwa.

Masiku ano akajambula munthu amamufunsa dzina ndi mudzi, n'kulemba pafoda ndi chala chimodzi, kasitomala akugwedeza phazi. Mafulashi a nyimbo analeka kulandira, ndipo achinyamata anadandaula pang'ono n'kupeza kwina. Mwezi ukatha amakopera zonse m'hadi yapadera, imene a Belita amapita nayo kwa Chiwalo akamakaona abale, n'kubwerako ndi inzake imene anaisiya kumeneko mwezi wam'mbuyo. Mlongo wa a Goliati amene amailandira sadziwa bwinobwino kuti mkati mwake muli chiyani. Anangomva kuti siifuna chinyezi, ndiye amaisunga m'chitini cha chimanga cha mbewu chimene amachipachika kudenga.